Foni Itatsala Pakhomo

Happiness anayamba kumukayikila Luckson pomwe aphunzitsi awo, a Daka, anawasankha awiliwo kukaimila sukulu yawo ya ku Nyimba pa mpikisano wa mtsutso ku Petauke. Kale mnyamatayu sankagonja pa mkangano uliwonse. Koma masiku ano, ngakhale zolemba zake zinali zosalala ngati za m'nyuzipepala, ukamufunsa kanthu pamaso ankayamba wapempha kupita panja.

"Mfundo izi waganiza wekha?" anafunsa Happiness tsiku lina akukonzekela.

"Nanga andiganizile ndani?" anayankha Luckson, dzanja lili m'thumba, n'kutuluka.

Happiness anamulondola mwakachetechete mpaka kuseli kwa kalasi. Anamupeza atawelamila foni, AI ija yoyankha ngati munthu ikumuyalila mfundo mzele ndi mzele.

"Ukauza a Daka, ulendo wathela pompano," anatelo Luckson. "Ndipo aliyense amachita."

Happiness sanakauze a Daka, poti ulendowo naye ankaufuna, koma mtima sunakhale pansi.

Ku Petauke mafoni onse anawasiyitsa m'katoni pakhomo la holo. Mutu wa mtsutso anaulengeza pomwepo: kuotcha makala kuletsedwe. A ku Nyimba anayenela kukana. Apa mtima wa Happiness unakhala pansi, chifukwa atate ake a Luckson ankaotcha makala ku Luembe, ndipo mnyamatayo anakulila mu utsi womwewo.

Luckson anaimilila. "Makala ali ndi ubwino wake ndi kuipa kwake," anayamba, kenaka zii. Dzanja linafufuza m'thumba lopanda kanthu.

Mtsikana wa ku Petauke anamwetulila. "Tiuzeni ubwino umodzi chabe, kwa banja lakumudzi."

Luckson anafufuzanso m'thumba muja. Belu lotha nthawi linalila, holo yonse n'kufa nacho chiseko.

Pobwelela m'minibasi, a Daka anangoyang'ana kunja. Luckson anayatsa foni, nayiyang'ana kwa nthawi, n'kuizimitsanso.

"Nsapato ndavalazi ndi makala," ananong'ona. "Ndimadziwa zonse, Happiness. Koma mutu unangokhala, kudikila wina ayambe."

Anaponya foni ija m'chikwama cha mnzakeyo. "Undifunse funso la mtsikana uja."

Happiness anamufunsa. Luckson anachita chibwibwi, kubweleza mawu, kusochela n'kuyambanso, mpaka kondakitala anatembenuka n'kuyamba kumutsutsa. Minibasi inaima pa Nyimba Luckson ndi kondakitalayo akali kukangana, mnyamatayo atakweza mawu.