Chikwama cha ku Beira

Mayamiko, mwana wa achimwene anga, ananyamuka pa Kabudula dzuwa litalowa kale. Anamuchedwetsa ndi pakamwa pake pomwe. Munthu akachokera kunja aliyense amafuna amve za nyanja, ndipo mwanayu kukana sadziwa. Pomwe ankatsanzika, akabaza anali atabalalika. Mmodzi yekha anatsala, koma atamva kumene akupita anapukusa mutu, akuti tayala laphwa. Tayala lake lomwelo lili nga! ngati dzungu.

Ntchito ya mwanayu ine imandiseketsa. Kwathu kuno madzi aakulu ndi a m'dambo, koma iye mpingo unamutumiza ku doko la Beira kukatumikira anthu ogwira ntchito m'sitima zapamadzi. Sitima ikaima amakwera, kupemphera nawo, kuwabwereka foni alankhule ndi kwawo, odwala kuwaperekeza kuchipatala. Munthu woti ali mwana ankakuwa tikamamusambitsa m'beseni!

Tsiku lina akusesa m'chipinda chosungira katundu kunyumba ya mpingoko, anapeza chikwama chakuda kuseri kwa makatoni, fumbi lokhalokha. Mkati munali nsapato zajombo, chitenje chatsopano chosachapa, ndi buku la nyimbo la Chichewa. Pachikuto panalembedwa kuti Overton, mwana wa a Nambewe, ndi dzina la mudzi wina kuseri kwa Kabudula. Abusa amene anachilandira anali atasamuka kalekale, wodziwa nkhani yake panalibe. Mayamiko anangoti mnzathuyu anachiiwala. Atapeza tchuthi anachibereka, kuti akachipereke yekha m'manja mwa a Nambewe.

Ndiye usiku umenewo ndi uyo, chikwama kumsana, foni m'manja ikuwunika njira. Unali mwezi wa Okutobala. Minda ili mbee, zigafa za fodya zili pululu, nthaka ikutulutsabe kutentha kwa masana. Anayamba nyimbo ya kwaya kuti adzilimbitse mtima. Vesi loyamba linayenda bwino. Lachiwiri linamuthawa.

Atayandikira kamlatho ka matabwa kolowera m'mudzimo, mphuno zake zinamva fungo. Mchere. Dizilo. Nsomba zowola. Fungo la ku doko lenileni, pakati pa minda ya mtedza!

Anaima.

Tho... tho... tho...

Madzi akudontha. Koma mvula inali isanagwe, ndipo mtsinjewo unali mchenga wokhawokha.

Tho... tho...

Anatembenuka. Foni inawunika mapazi. Opanda nsapato, otuwa, ofufuma ngati chinangwa chovviika. Inakwera. Ovolosi yonyowa, yomata thupi. Kumaso sanafikeko. Dzanja linakana.

“Achimwene,” anatero munthuyo, mawu ake ngati akuchokera pansi pa chitsime, “mumayenda msanga.”

“Zi... zikomo. Kaya inu muli bwanji?”

“Ndatopa. Pa Zambezi simunanditchule. Ndasambira. Pa Linthipe simunanditchule. Ndasambira. Pa Lilongwe, chimodzimodzi.”

“Kodi ndinu ndani, bambo?”

“Nsapato zanga zili kumsana kwanuko.”

Apa Mayamiko anazindikira. Mwana wa m'tchalitchi, inde, koma anakulira m'manja mwathu, ndipo mwambo ankaudziwa. Wonyamula maliro kuchokera kutali, kapena katundu wa malemu, akafika pamtsinje amamuuza mwiniwake: uje, tiye, tikuwoloka, tikupita kwanu. Ukapanda kutero, amatsala tsidya. Amoyo satchulidwa pamlatho.

Chikwama chinayamba kulemera. Chinazizira. Madzi anatsika ndi msana wake.

“Uno ndi wouma,” anatero munthu uja, akuloza mchenga. “Ndisambira pati? Nditchuleni, achimwene. Dzina mukulidziwa. Munaliwerenga.”

Tsidya linalo, pakati pa mitengo ya mango, kanyale kankayaka m'nyumba imodzi.

“Amayi sanagone. Tayang'anani. Pafupi pomwepa...”

Dzina linalipo, pansonga ya lilime. Mayamiko anayasama. Munthu amene anapempherera akunja amitundumitundu m'Chingerezi chothyokathyoka, amene anagwirapo dzanja la wodwala mpaka kutsirizika, uyo kukamwa kuli gwa! Munthu uja anasendera. Tho... tho... Anatambasula dzanja. Zala zozizira zinakhudza lamba wa chikwama.

Mayo!

Liwiro! Matabwa a mlatho gubudu gubudu! Foni inagwa, sanaitole. Sanacheuke. Kumbuyo kunalibe womuthamangitsa. Kunali mawu okha, opanda mkwiyo, akucheperachepera.

“Achimwene... dzina lokha... achimwene...”

Anakagwera pakhonde la nyumba ya kanyale ija, odi wake wosamveka. Chitseko chinatseguka. Panaima mayi wachikulire, wowonda ngati mpini wa khasu. Sanayang'ane mlendo. Anayang'ana chikwama.

“Ndinu a Nambewe?”

“Ndine.”

A Nambewe anakhala pansi pomwepo, n'kutsegula chikwamacho. Anatulutsa buku la nyimbo. Anatulutsa chitenje, n'kuchigwira nthawi yaitali.

“Anati adzandigulira cha maluwa ofiira,” anatero. “Sananame.”

Mayamiko anayesa kusalaza nkhani, monga amachitira anthu a mpingo. “Mwana wanu anachiiwala ku Beira, amayi. Mwina... mwina tsiku lina adzabwera.”

“Mwanawe, usandipake mafuta pakamwa. Overton anagwa m'nyanja usiku, sitima ikuyenda. Chaka chino n'chachisanu ndi chinayi. Thupi silinapezeke. Kumanda uko tinakwirira thunthu la nthochi, ine ndinalirira nthochi.” Anakweza nyale, n'kumuwunika kumsana konyowa kuja. “Wabwera naye, eti? Wamutchula pamlatho?”

Mayamiko anayang'ana pansi.

“Ndikufunsa iwe. Wamutchula?”

Mayamiko anapukusa mutu.

A Nambewe sanatukwane. Bola akanatukwana. Anadzimanga chitenje chatsopanocho m'chiuno, nsapato zajombo m'khwapa, nyale m'manja, n'kulowa mumdima. Mayamiko anatsala pakhonde. Anamva mawu a mayi aja kumtsinje.

“Overton! Tiye, mwananga! Tikuwoloka! Ndine mayi ako!”

Anaitana mpaka mawu anasasa. Anaitanabe. Tambala woyamba. Wachiwiri.

Kutacha anabwera okha, nsapato zili m'khwapa momwemo. Anamupatsa Mayamiko foni yake, n'kukhala pansi.

“Wabwerera,” anatero. “Mapazi ake ndawaona pafumbi, onyowa. Aloza komwe mwachokera.”

Mwana wa achimwene angayo anabwerera kuntchito yake ku Beira. Kuseka kuja kunatha. Ine ndimamuputa, ndimati wabwera liti mkulu wa nsomba, iye osasekerera n'komwe. Chaka chilichonse amatenga tchuthi mu Okutobala, n'kudutsa njira yomweyo, buku la nyimbo lija m'thumba, poti a Nambewe anamubwezera kuti ayende nalo. Basi ikafika pamlatho uliwonse, milomo yake imagwedera. Pa Zambezi. Pa Linthipe. Pa Lilongwe. Pakamlatho ka matabwa amaima usiku, n'kutchula dzinalo mokweza, katatu.

Kumbuyo kwake sikudontha kanthu. Tsidya linalo kanyale kakuyakabe.