Pakaliyala Pakhala Ndani?

Iris ankakhala ku Sunningdale. Iris ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kukaona mchimwene wake wakhanda.

Mwanayo anali ndi Amayi ku Southerton. Ankakhala kwa Mainini Lidiya, mng'ono wa Amayi. Tsiku limenelo mwana ankatuluka m'chikuta, ndipo abale akanatha kumunyamula. Iris anali asanamuone ngakhale kachala.

Bambo anatulutsa njinga. Njingayo inali nkhalamba yeniyeni. Inabadwa kale Iris asanabadwe. Ikamayenda inkadandaula, kwii, kwii, kwii.

Kumbuyo kwa njinga kunali kaliyala. Pakaliyala pankakhala bokosi lalikulu la zipangizo. Bambo sankapita kulikonse popanda bokosilo. Ngakhale kokagula buledi, bokosi linkapita nawo.

Iris anayang'ana bokosi. Kenako anayang'ana Bambo.

"Bambo, nanga ine ndikhala pati?"

Bambo anakanda mutu. Anati pakaliyala pali malo amodzi okha. Bokosi likapita, Iris atsala. Bokosi likatsala, njinga ingafe panjira. Ndipo madzulo Bambo ankayenera kulowa ntchito ku Workington. Akachedwa panjira, abwerera osamuona mwana.

Iris anachita mantha. Sankafuna kutsala. Sankafunanso kubwerera panjira.

Anathamangira m'nyumba. Anabwera ndi chikwama chake cha kusukulu. Anati zipangizo zilowe m'menemo, iye azibereka kumsana.

Iris anaika nyundo. Anaika pampu. Anaika tcheni chakale. Anaika masipanala onse. Anaika waya, guluu ndi zigamba. Anaikanso kabeseni kofufuzira bowo pa chubu. Anabereka chikwama. Chikwama chinamukoka, iye n'kukhala pansi, phi!

Bambo anabisa kuseka. Iris sanaseke ayi. Misozi inali pafupi.

"Mwanangu, sitinganyamule zonse," anatero Bambo. "Njingayi umaidziwa. Imadwala chiyani?"

Iris anazungulira njinga. Anaiyang'ana bwinobwino. Anatsina tayala lakumbuyo. Tayala limeneli linkakonda kuphwa. Iris anasankha pampu, guluu ndi zigamba. Anasankhanso tizitsulo tochotsera tayala.

Iris anagwedeza chishalo. Chishalo chinkakonda kukhwefuka. Iris anayesa sipanala iyi, sinagwire. Anayesa iyo, sinagwire. Anayesa ina, inagwira. Anatenga yokhayo.

Nanga nyundo? Nyundo inali yolemera. Nyundo inatsala. Nanga tcheni? Tcheni cha panjinga chinali cholimba. Tcheni chakale chinatsala.

Nanga kabeseni? Iris anakagwira. Anakaika pansi. Anakagwiranso. Kabeseni kankakana kulowa bwino m'chikwama. Kabeseni kanatsala, koma mtima wa Iris unali m'mwamba.

Ananyamuka. Bambo ankapalasa. Iris anakhala pakaliyala, atagwira malaya a Bambo zolimba. Kwii, kwii, kwii, inatero njinga. Anadutsa amayi ogulitsa tomato. Anadutsa makombi, maminibasi oitana anthu. Iris sankaona zonsezi. Ankangomvetsera tayala.

Anafika kumafakitale. Malole ankadutsa ndi phokoso lalikulu. Pamsewu panali botolo losweka. Bambo anayesa kulipewa, koma mochedwa. Njinga inayamba kugunda pansi, gu, gu, gu. Tayala lakumbuyo linali litaphwa.

Iris anatsika.

Bambo anachotsa tayala ndi tizitsulo tija. Anatulutsa chubu. Anapopa mpweya. Mpweya unkathawa, koma unkathawira pati? Bowo silinkaoneka. Bambo anaika chubu kukhutu. Malole ankasokosa. Bambo sanamve kanthu.

Panalibe kabeseni. Panalibe madzi oviikamo chubu. Bambo anayang'ana dzuwa. Iris anadziwa kuti nthawi ikutha.

"Ndalakwa ndine, Bambo. Ndasiya kabeseni."

"Sunalakwe," anatero Bambo. "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tiye tiyesenso."

Bambo anapopanso. Ulendo uno Iris anagwira chubu. Sanachiike kukhutu. Anachiika pafupi ndi tsaya lake. Anachizungulitsa pang'onopang'ono. Apa panalibe kanthu. Apanso panalibe kanthu.

Kenako kamphepo kozizira kanamukhudza patsaya.

"Bambo, ndi apa."

Bambo anapakapo malovu. Malovu anachita thovu. Linalidi bowo, laling'ono ngati la singano.

Iris anatulutsa guluu. Bambo anapala chubu ndi mwala, n'kupaka guluu. Anadikira kuti guluu aume pang'ono. Kudikira kumeneko kunamuwawa Iris. Iris anatulutsa chigamba. Bambo anamata. Anachotsanso kagalasi m'tayala. Anabwezera chubu, n'kupopa. Iris anatsina tayala. Linali gwa!

Anakweranso. Bambo ankapalasa mwamphamvu. Iris sanafunse ngati achedwa. Ankaopa yankho.

Anakhota pakona. Mainini Lidiya anali pageti. Anati akhala akusuzumira kumsewu kuyambira m'mawa. Bambo anayang'ananso dzuwa. Anati nthawi ilipo, ngakhale ya tiyi.

Iris anathamangira kukhomo. Mainini anamugwira paphewa.

"Ima kaye, amakanika. Manja amenewo ukagwire nawo mwana?"

Iris anayang'ana manja ake. Anali bii ngati makala. Anasamba ndi sopo. Anasambanso. Mainini anawayang'ana uku ndi uku, kenako anamulola.

M'nyumba, Amayi anali pampando. Anamwetulira. Anauza Iris kuti akhale pansi ndi kutambasula miyendo. Kenako anamuika mwana m'manja. Anati dzina lake ndi Tinotenda.

Tinotenda anali wofunda. Anali wopepuka. Anatsegula diso limodzi. Anagwira chala cha Iris ndi kadzanja kake konse.

Iris anasangalala kwambiri. Mantha onse anatha.

Bambo anatambasula manja kuti nawonso anyamule. Iris anapukusa mutu.

"Dikirani kaye, Bambo," ananong'ona. "Sanandisiye chala."