Munthu wa pa Windo la Esha

Zulfa amati chithunzicho anachijambula mongophunzira. Anali atangogula kamera yogwirapo kale, yokhala ndi fulashi, ndipo akaweruka ku loji ku Senga Bay ankaiyesa usiku pabwalo. Tsiku limenelo analoza nyumba ya mkulu wake Esha, amene anali pa eda, osatuluka pakhomo chimwalirireni mwamuna wake Anwar.

Pachithunzipo, mtondo umene unali pafupi unaoneka bwino. Koma kumbuyo, pawindo la Esha, panaima chinthu choyera chotalika ngati munthu, chopanda nkhope, ndipo njerwa za khoma zinkaonekera m'thupi mwake.

Analakwitsa poonetsa mnzake mmodzi. Pofika madzulo chithunzicho chinali m'mafoni a ku doko konse. Ena ankati malemu akubwerera. Ena ankanong'ona zoipa kuposa apo, kuti mzimu sugogoda pawindo la mkazi wamasiye.

Ahmad, mchimwene wa malemu, anabwera naima pakhomo.

"Alamu, ngati ndi mwamuna, ana a m'bale wanga sagonanso muno. Lachisanu ndidzawatenga."

"Allah ndiye mboni yanga," anayankha Esha ali kuseri kwa nsalu yotchinga pakhomo. "Mapazi ndimawamva, koma sinditsegula."

Zulfa anatengera kamera kwa Kelvin, wojambula alendo ku loji. Kelvin anayang'ana naseka.

"Achemwali, mzimu mwaupanga nokha. Fulashi imang'anima kamodzi, ndipo imagwira zapafupi zokha. Inu shata, kachitseko ka diso la kamera, mwaisiya yotsegula nthawi yaitali, ndiye ikutolera kuwala kwa nyale pang'onopang'ono. Munthu akasuntha pamenepo amasanduka utsi."

"Ndiye ndi munthu?"

"Wa miyendo iwiri. Fulumizitsani shata."

Usiku wotsatira Zulfa anabisala pa mtondo paja. Mphepo ya mwera inkaliza malata, ndipo kutali kunkamveka injini za asodzi a usipa. Kenako mchenga unayamba kulira, pang'onopang'ono, ngati wina akukoka phazi. Chinthu choyera chinatulukira kuseri kwa bafa. Zulfa anadina. Chithunzi chinatuluka chakuda bii, mtondo wokha uli mbee. Utsi unatha, koma kuwala sikunafike pawindo.

Kutacha anawerenga mapazi kuchokera pamtondo kufika pawindo: khumi ndi anayi. Anapeza malo kuseri kwa mulu wa maukonde, mapazi anayi okha. Anakulitsa diso la kamera, nawonjezera mphamvu ya fulashi, nayesa pa mkanjo wopachika mpaka ulusi uliwonse unaoneka.

Lachinayi usiku kunalibe mwezi. Anakhala pansi akunena pemphero la dua chamumtima, udzudzu ukumudya osaupha. Mapazi aja anabwera. Anamva kupuma kwa munthu, kolemera, kenako kulira kotsika kwambiri, konga kwa mwana wotopa. Chinthucho chinagunditsa mutu pawindo n'kungokhala chete, ngati chikumvetsera.

Zulfa anadina. Bwalo lonse linawala, mdima n'kubwerera. Chinthucho sichinathawe. Chinatembenuka n'kubwerera mmene chinadzera, chikukoka phazi.

Ahmad anafika Lachisanu asanapite ku mzikiti, ali ndi amuna awiri. Zulfa anagwada namupatsa kamera ndi manja awiri.

"Onani nokha, alamu."

Chithunzi chinali chakuthwa. Mkanjo woyera wa malemu unkakwekwereza pansi. M'kati mwake munali mayi Tausi, mayi wa Anwar ndi Ahmad, maso ali tong'o koma osaona kanthu, khutu atalitsamiritsa pawindo la chipinda chogona zidzukulu zawo.

Ahmad anayang'ana nthawi yaitali. Amuna aja anasuzumira, n'kuyang'ana kumbali.

"Usiku uliwonse ndimawatsekera chitseko ndekha," anatero Ahmad. "Amati sagona."

"Mubwere nawo azidzagona muno," anatero Esha kuseri kwa nsalu. "Mphasa ilipo pafupi ndi ana."

Ahmad anavula nsapato, nakhala pansi pakhonde, napempha madzi akumwa.