Njira Yachidule ya pa Tsamba 14

Basi yomaliza yopita kwawo ku Javorik inanyamuka Nusret akadali m'kanyumba kosindikizira mabuku ka mnzake Fikret, tambula ya rakija, kachasu wa kumeneko, ili m'manja. Anaimva ikudutsa panja, koma sanadzuke. Anali atangolandira kumene buku lake loyamba, ndipo ankalinunkhiza ngati buledi wotentha.

Kunena zoona kanali kabuku chabe, masamba makumi anayi, mutu wake Kuyenda Bosnia ndi Thumba Lopepuka. Munali zonse zimene achinyamata a zikwama kumsana aja amafuna: kumene burek, mkate uja wa nyama m'kati, ndi wamkulu koma wotchipa, akasupe omwera madzi aulere, midzi imene nkhalamba zimakukakamiza khofi usanapereke n'komwe moni. Koma chimene Nusret ankanyadira kwambiri chinali pa tsamba 14. Panali njira yachidule yochokera pa mlatho wakale kunja kwa tauni, kudula nkhalango, mpaka pakhomo pa nyumba yake yogona alendo. Mphindi makumi anayi basi, wopanda takisi. Mawa lake m'mawa mwana wake Lamija anali woti atsogolere alendo asanu ndi mmodzi pa njira imeneyo, gulu loyamba.

"Gona konkuno, iwe," anatero Fikret. "Apo ayi itana takisi. Kuumira kwakoku udzapita nako kumanda."

"Takisi? Ine mwini tsamba 14?" Nusret anaika mabuku m'chikwama. "Ndidula m'nkhalango. Katundu wanga ndiyambe ndamulawa ndekha."

"Chibwerereni ku Austria unayamba wadutsamo?"

"Ndinakulira m'menemo, wadazi iwe."

"Sindinafunse zimenezo."

Nusret anangoseka n'kutuluka. Ankadziwa kuseka munthu ameneyu, makamaka akafunsidwa funso limene sakulifuna.

Njirayo anaiyenda yonse komaliza nkhondo isanayambe, akuweta nkhosa za bambo ake. Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, mu Ogasiti, atabwera kutchuthi kuchokera ku Austria, anafika pa mphambano ya m'nkhalangomo n'kupeza chikwangwani chofiira chokhala ndi chigaza cha munthu, chochenjeza za mabomba okwirira. Anachikonda. Anachizula pamzati, n'kupita nacho kukaonetsa anzake akuntchito. Mumtima anati ndani wa kuno sadziwa kumene kuli mabomba? Atabwerera kwawo chaka chatha kudzatsegula nyumba ya alendo, anachikhoma pakhoma pamwamba pa firiji ya mowa, ndipo alendo ankachita kulimbirana kujambulitsa pamenepo. Lamija ankadana nacho. Nusret anamvapo kuti ochotsa mabomba anagwira ntchito m'mapiri amenewa, koma sanafunse kuti mbali iti. Yankho likanatha kumuonongera tsamba labwino.

Anafika pa mlatho rakija akadamutenthetsa m'mimba. Unali Okutobala, kunja kukuzizira, mwezi kulibe. Anayatsa tochi ya pa foni n'kulowa m'mitengo akuimba mluzu.

Poyamba njira inali yomwe ija. Kasupe anali pomwe analemba, mwala waukulu unali pomwe analemba, ndipo Nusret anadziyamikira kuti mutu wake ukugwirabe. Anadutsa nyumba yakale ya mlonda wa nkhalango, denga linagwa kalekale, mtengo utamera m'chipinda chogona. Anafika pa mphambano. Mzati wa chikwangwani chija unali ukadalipo, wopanda kanthu, misomali iwiri yadzimbiri itatuluka. Anayang'ana kumbali n'kukhotera kumanzere, monga tsamba 14 likunenera.

Kuchokera pamenepo njira inayamba kuchepa. Udzu unafika m'mawondo. Panalibe ndowe ya nkhosa, panalibe chitsa cha mtengo wodulidwa, panalibe ngakhale botolo lotayidwa. Mitengo yakufa inali mbwee pansi, nkhuni zabwino zouma, m'dziko limene anthu amakanganirana nthambi dzinja likayandikira. Palibe anazitola.

Mluzu unatha wokha.

Anaima. Anaganiza zobwerera. Anatembenuza tochi, koma udzu unali utatseka pomwe anadutsa. Kumbuyo ndi kutsogolo kunali chimodzimodzi. Ananyamula phazi lamanja...

"Aneba, phazi limenelo musalitsitse."

Foni inatsala pang'ono kugwa. Patsogolo pake, mwina mayadi asanu, panaima bambo wachikulire wa ndevu za pamlomo zoyera, chipewa chakuda, jekete lachikopa lothetheka m'zigongono. Pamkono anakoleka dengu. Nusret sanamve tsamba ngakhale limodzi likuphwanyika pamene munthuyo ankabwera.

"Unikani pansi," anatero bamboyo.

Nusret anaunika, phazi lili m'malere. M'masamba owola munatuluka timano tachitsulo ta bomba, tating'ono ngati mano a foloko. Pansi penipeni pa nsapato yake.

Rakija yense anauma m'thupi.

"Bwezani pomwe linali. Pang'onopang'ono. Eya, choncho."

"Ndinu... ndinu ndani, bambo?"

"Vinko, wa kutsidya kwa phiriku. Ndimazula bowa." Anagwedeza dengu. "Kuno amamera wambiri. Palibe wopikisana naye."

"Usiku uno?"

"Ine nthawi ndili nayo."

Bamboyo anapisa m'dengu, natulutsa bowa woyera, naponya pansi pafupi ndi phazi la Nusret, chakumanzere pang'ono.

"Pondani pamene pagwe bowa. Pena paliponse ayi. Kamodzi kokha mukaphonya, mwana wanu adzakutolerani m'thumba la pulasitiki."

Nusret anaponda. Bowa anaphwanyika pansi pa nsapato. Panalibe chinaphulika. Wina anagwa kutsogolo. Anaponda. Wina chakumanja. Anaponda. Thukuta linkatsika mumsana ngakhale kunkazizira, ndipo chikwama cha mabuku chija chinkalemera ngati wanyamula njerwa. Mantha amene anamugwira sanawamvepo chibadwire, ngakhale nthawi ya nkhondo, chifukwa nkhondoyo anaionera pa wailesi yakanema ali ku Austria.

Vinko ankayenda patsogolo osaunika, osayang'ana pansi. Ankaponya bowa chakumbuyo osatembenuka.

"M'chikwamamo muli chiyani, aneba?"

"Mabuku. Olondolera alendo malo."

"Njira ino ilimo?"



"Ilimo," anatero Vinko. "Mwalemba kuti ndi yaulere?"

"Eya."

"Si yaulere."

Bowa wina. Phazi lina. Kadzidzi analira kutali n'kusiya.

"Pa mphambano paja panali chikwangwani," bamboyo anapitiriza, mawu ake ali phee ngati akukamba za mvula. "Chofiira. Ine ndine wa mbali inayo ya phiri, malire a kuno sindinkawadziwa bwino. Mkazi wanga anati, ukaona chofiira ubwerere. Ndinayang'ana. Sindinachione."



"Mwina... mwina mphepo," anatero Nusret.

"Mphepo sizula misomali, aneba. Pambuyo pake anthu anadzamangapo chingwe. Chinawola."

Kuwala kwa tochi ya Nusret kunatsikira ku miyendo ya bamboyo. Udzu sunkapindika pomwe ankadutsa. Mwendo wamanja unali ndi jombo lamphira. Wamanzere... buluku linathera pa bondo, lili nsanzansanza. Pansi pake panalibe kanthu. Panalibe ndodo. Koma munthuyo ankayenda!

Nusret anafuna kukuwa. Mawu sanatuluke. Anafuna kuthawa. Athawire kuti? Kumanja imfa. Kumanzere imfa. Njira inali imodzi yokha, ndipo inkatuluka m'dengu la chinthu chimenecho.

"Musayang'ane ine. Yang'anani bowa."

Anayang'ana bowa. Anaponda. Misozi inkatsika osaipukuta. Anaponda. Foni inalira kuti batire latsala pang'ono. Anaponda. Sanadziwe ngati papita ola kapena usiku wonse. Ankangoona Lamija ndi jekete lake lachikasu, ali patsogolo pa alendo asanu ndi mmodzi, kabuku kali m'manja, akukhotera kumanzere pa mphambano chifukwa bambo ake analemba choncho.

Kenaka nsapato inagunda chinthu cholimba. Phula.

Anali pa msewu, pafupi ndi katchalitchi ka mudzi wa kutsidya kwa phiri, kutali ndi kwawo. Vinko anaima m'mphepete mwa mitengo, osaponda msewu. Anapendeketsa dengu kuti Nusret aone. Munalibe kanthu.

"Watha," anatero. "Ndinasunga wokwana munthu mmodzi. Wa anthu asanu ndi awiri ndilibe."

Nusret sanamuuzepo kuti mawa kudutsa anthu angati.

"Bambo Vinko, ine..."

"Mukachibweze pomwe munachitenga. Misomali ikadalipo."

Nusret anaphethira kuchotsa misozi. Pomwe panali munthu panali mitengo yokha.

Anadzikoka mpaka pa mtengo waukulu wa pakhomo pa tchalitchi, nautsamira, naimba foni. Lamija anayankha msanga. Kumbuyo kwake kunkamveka nyimbo ndi phokoso la alendo.

"Ababa, muli kuti? Mwagona kwa a Fikret? Ndinadziwa ine kuti rakija akugwetsani."

"Mawa musapite."

"Mwati chiyani?"

"Njira ija. Usapite, mwana wanga. Usalole aliyense apite. Mabuku onse tiotcha."

"Mabuku amene mwatisowetsa nawo mtendere chaka chonse? Ababa, mwamwa angati?"

"Lamija, ndikukupempha. Lumbira."

Mtsikanayo anasiya nthabwala. Bambo ake anali asanamupemphepo kanthu ndi mawu otere.

"Chabwino, ndalumbira. Sitipita. Koma muli ndi ndani kumeneko?"

Nusret anatembenuka kuti aone ngati alidi yekha, ndipo kuwala kwa foni kunagwera pa thunthu la mtengowo. Kwathu kuno ku Bosnia imfa timaikhoma pamtengo, pepala ndi chithunzi, kuti odutsa aime awerenge. Panali mapepala ambiri, ena ofwifwa ndi mvula, ena ong'ambika. Limodzi linali latsopano, mzere wakuda kuzungulira, mtanda pamwamba, lokhomedwa tsiku lomwelo.

Ndevu zoyera za pamlomo. Chipewa chakuda. Jekete lachikopa.

Vinko Barišić. Zaka zisanu ndi zinayi chitisiyireni. Unapita kukazula bowa, chakudya chako ndinachisiya pamoto. Mkazi wako Ruža.

Nusret anawerenga tsiku la imfa. Anawerenganso. Okutobala, chaka chomwe chija anabwera kutchuthi. Miyezi iwiri yokha chichokereni iye pa mphambano paja, chikwangwani chili m'khwapa, akuimba mluzu.

Anaterereka ndi mtengowo mpaka kukhala pansi. Kunsi kwa nsapato zake kunali kutamata bowa wophwanyika, woyera, akadali wonyowa.

"Ababa? Mukundimva?" Lamija ankaitana pafoni. "Dikirani ndituluke panja, muno simukumveka. Alendo anu akujambulitsanso pa chikwangwani chija, akuchita kugwa nako kuseka."