Mwala Woyera wa pa Mulu wa Malachy

Fintan Gilsenan anachoka pa bala ya pachilumba mochedwa, Loweruka lomaliza la Okutobala 2016. Anali mphunzitsi wa ku Dublin, ndipo anabwera kugombe la kumadzulo kwa Ireland kudzaona malo patchuthi. Kuchilumbako anthu amapita wapansi, pamchenga, nyanja ikaphwa. Madzi akabwerera, njira yonse imamira.

"Aphunzitsi, nyanja sidikira kuti munthu amalize botolo," anatero Nuala Conneely, mayi mwini bala. "Tsatirani mizati yolozera njira, musakhote."

Fintan anaseka. "Amayi, ine ndimalimbana ndi ana asukulu tsiku lililonse. Madzi angandiopse?"

M'thumba la jekete yake munali mwala woyera, wosalala ngati dzira. Anautola masana pa mulu wa miyala pafupi ndi manda, kuti akapatse mwana wake wamkazi. Anthu a kumeneko akamadutsa pa mulu wotere amaponyapo mwala, satolapo. Fintan zimenezi sankazidziwa.

Anadutsa manda n'kutsikira pamchenga. Mphepo inkawomba kuchokera kunyanja, ndipo chifunga chinkameza mizati umodziumodzi. Komabe nyali za kumtunda zinkaoneka patsogolo. Anayenda ndithu, mpaka mchenga unayamba kumata nsapato.

Kenako anamva mapazi m'mbuyo mwake. Chuvu... chuvu... chuvu...

Anaima. Mapaziwo anaimanso.

"Bambo a ku Dublin."

Mawuwo anachokera kutsogolo. Pakati pa iye ndi nyali zija panaima mwamuna wamtali, atavala juzi ya asodzi yong'ambika pachigongono. Madzi ankadontha m'tsitsi lake.

"Mwatenga chinthu chomwe si chanu."

"Ndi kamwala chabe, bambo. Ka mwana."

"Kabwezeni. Pompano."

Fintan anafuna kumulambalala. Munthuyo analinso pomwepo, osaoneka kuti wasuntha. Kunkazizira kwambiri moti mpweya wa Fintan unkatuluka ngati utsi. Pakamwa pa mlendoyo sipankatuluka kanthu.

Thumba linayamba kulemera. Jekete inapendekera mbali imodzi. Kamwala kaja kankamukoka ngati mphero!

Madzi anamugwira akakolo.

"Bwererani," anatero munthuyo.

Fintan anatembenuka n'kuliyatsa liwiro. Madzi m'mawondo. Anagwa, anadzuka. Madzi m'chiuno! Mzati... mzati wina... miyala ya chilumba. Anakwawa mpaka pa mulu uja, n'kuikapo mwalawo.

Kumbuyo kunamveka mkokomo. Atacheuka, njira panalibe. Munthu uja panalibenso.

Nuala anatsegula chitseko atamva kugogoda. Anamufunditsa Fintan bulangete, n'kumukhazika pafupi ndi moto.

"Aphunzitsi athu olimba mtima aja ndi amenewa?"

Fintan sanaseke. Anafotokoza zonse, za mwala ndi za munthu uja. Nuala anasiya kupukuta matambula.

"Juziyo, inali yong'ambika pachigongono cha kumanzere?"

"Eya."

"Ndi Malachy Faherty, msuweni wanga. Nyanja inamutenga mu Novembala 1987, pakati penipeni pa njira, pamene madzi amayambira kudula mphepo ikakhala ngati ya leroyi. Mulu ujawu ndi pomwe tinatula mtembo wake popita kumanda."

Fintan anayang'ana thumba lake lonyowa.

"Ndiye wakwiya chifukwa cha mwala?"

"Mwala?" Nuala anapukusa mutu. "Alendo amatola miyala pamenepo chaka ndi chaka, ndipo Malachy sanatsatepo munthu. Akanakuuzani za madzi mukanamvera inu? Ine ndinakuuzani, munaseka."

Anathira kachasu pang'ono m'tambula n'kumuikira m'manja.

"Imwani. Mukanapitirira, mawa bwenzi tikuyamba mulu wina."