Dzina Lolembedwa ndi Pensulo

Tsiku lomwe Wagitala analowa mu shopu ya fotokope, mtsikana wa pamakina anali atatopa kale, teni koloko isanakwane n'komwe. Miyendo kuwawa, makina kutentha, abwana kulalata. Kenako kungoona mwamuna walowa, gitala kumsana, jekete yoperepeseka m'zigongono, maso ngati sanagone chaka chathunthu kkkk.

"Achemwali, mundichitireko awa. Koma muwagwire bwino, ndi ana anga amenewa."

Mapepala ake eee! Timadontho takuda pa mizere, ngati nyerere zayanikidwa pa chingwe.

"Ndi masamu kapena?"

"Ndi jazi."

"Nyimbo za m'hotela zija? Zopanda mawu, anthu amangodya osamvera zija?"

Wagitala anaseka mofooka. "Zomwezo. Zaka khumi ndi zisanu ndikuyimbira mafoloko ndi masipuni."

Basitu abale, mtima wa mtsikana unangosungunuka pompo! Chisoni ndi chikondi si zimayendera limodzi nanga?

Lamlungu masana mtsikana anapita ku hotela yomwe Wagitala ankayimbako, nakhala pafupi ndi chitseko ndi botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi. Wagitala anatsinzina, zala zikuthamanga pa mawaya ngati zaba kanthu. Atamaliza, anthu anali kalikiliki ndi nkhuku zawo. Anawomba m'manja ndi mtsikana yekha, phwaphwaphwa, mpaka woperekera zakudya anamuyang'ana kkkk manyazi ake!

Kuyambira pamenepo foni sinapume.

"Kanjiwa kanga, wadya?"

"Kanjiwa, chala chang'ambika ndi waya koma ndikaganiza iwe sichikuwawa."

Tsiku lina anamubweretsera pepala loyera bwino, pamwamba palembedwa kuti Kanjiwa.

"Ndakupekera nyimbo. Chibadwire sindinapekerepo munthu."

Mtsikana analira, nakaonetsa achemwali ake omwe amakhala nawo chipinda chimodzi. Iwo anangopitiriza kusita.

"Iwe, mkazi wamkulu wa munthu ameneyo ndi gitalayo. Iwe ukakhala wachiwiri, ngati uli ndi mwayi."

"Nsanje basi inu!"

"Chabwino mayi Kanjiwa, ulukani."

Patapita miyezi itatu gulu loyimba la Wagitala linapeza ntchito ku hotela ina, mzinda wakutali, miyezi isanu ndi umodzi.

"Siya ntchito tipite limodzi," anatero Wagitala. "Ndatopa kudzuka ndekha m'zipinda za eni. Ndikukulonjeza, tikabwerako ndikaonana ndi akwanu."

Ntchito imeneyi mtsikana anaisaka zaka ziwiri, nsapato mpaka kubooka. Koma analemba kalata yosiya ntchito, naiika m'chikwama. Anauza abwana kuti Lachisanu poweruka ali ndi kalata yawo.

Lachisanu masana Wagitala anafika ndi chifayilo chonenepa.

"Kanjiwa, talemba oyimba awiri atsopano, aliyense akufuna mapepala ake. Ya iwe ija ili pamwamba."

Koma ili silinali pepala loyera lija. Linali lofiirira, lopindikapindika, m'mbali modyeka. Nyimbo ya miyezi itatu ingakalambe chonchi? Mtsikana analiika pa galasi la makina. Linatuluka lotuwa, pensulo yosaoneka. Ndiye anachita zimene amachita tsiku lililonse, kudina batani lokuditsa mpaka kumapeto.

Makina sadziwa kusunga chinsinsi abale inu!

Pansi pa Kanjiwa panatuluka maina ena, ofufutidwa koma owerengeka, lina pamwamba pa linzake. Nyenyezi. Kagulugufe. Ndipo la pansi penipeni, lodindidwa mwamphamvu: Amake Mwana.

Mtsikana anaika pepalalo pa kauntala, likadali lofunda.

"Awa ndi oyimba atsopano aja?"

Wagitala analiyang'ana. Kenako anangokhala pa benchi ya makasitomala, nadzipukuta kumaso ndi manja onse awiri.

"Sindikana."

"Munati chibadwire!"

"Kanjiwa, tamvera..."

"Kanjiwa wake uti? Ndafika liti pa mzerewu ine?"

"Nyimbo yabwino ndili nayo imodzi yokha," anatero motsitsa mawu. "Zaka zonsezi, imodzi. Zinazi ndi za eni, ndimangoyimba. Ndikamukonda munthu ndimupatse chiyani china?"

"Nanga Amake Mwana?"

"Anatopa. Onse amatopa."

Mtsikana ankafuna kukuwa koma mphamvu analibe. Zoona akanasiya ntchito, n'kusiya achemwali ake, kukakhala m'chipinda cha eni kudikira tsiku lofufutidwa?

"Funso limodzi lokha. Cholembera munalibe?"

"Ife nyimbo timalemba ndi pensulo. Zimasinthasintha."

"Ndaona."

Anatsegula dilowa, natenga chofufutira. Pang'onopang'ono, osang'amba pepala, anafufuta Kanjiwa yense, nauzira zinyenyeswa pansi. Anajambula mapepala onse, awiriawiri, nawamanga bwinobwino.

"Ndakuchepetserani ntchito. Muyende bwino achimwene."

Achimwene! Mawu amenewo anamupweteka Wagitala kuposa mbama. Anaima pakhomo kanthawi, gitala ikugunda felemu ya chitseko, kenako anatuluka.

Poweruka abwana anasuzumira, makiyi m'manja.

"Iwe, unati uli ndi kalata yanga?"

"Ayi bwana, ndinasokoneza."

"Nanga masowo afiira chifukwa chiyani?"

"Kuwala kwa makinaku."

"Mawa seveni koloko, osachedwa. Kuli mabuku a sukulu mulu wonse."

"Ndifika bwana."