Kabwato m'Bokosi la Makadi

Wamagetsi sankatha kugwira pepala osalipinda. Tikiti ya basi, lisiti la m'sitolo, chikutiro cha bisiketi, chilichonse chikafika m'manja mwake chinkasanduka kabwato. Ankapinda osayang'ana n'komwe, pakamwa pakulankhula zina, zala zikugwira ntchito yake.

Ndi mmene anamukolera Dona. Mtsikanayu ankang'amba matikiti pakhomo la holo ya mafilimu, ndipo anzake anamupatsa dzinali chifukwa sankathamangira basi ngakhale ikumusiya. Wamagetsi anabwera kudzakonza getsi la pakhomopo. Atatsika pa makwerero anatola chidutswa cha tikiti, n'kuchipinda, n'kumupatsa.

"Kwerani ndikakutuleni kwanu."

"Bwato la pepala? Mukufuna ndimire?"

"Musaope, ndimatha kusambira."

Chaka chisanathe, Dona anali atasamukira m'chipinda cha Wamagetsi, ndipo pawindo panali patandandalika timabwato.

Kenako kunabwera filimu ya ku Mangalande yomwe aliyense ankaikamba. Inali yachikondi, yoseketsa mofatsa: mwamuna wamanyazi wokonza mawotchi, mkazi woyendetsa basi, mvula yosakata, tiyi wosatha. Dona ankangodziwa zomwe anthu ankanena potuluka. Sanasuzumire mkati ngakhale kamodzi, ankafuna adzaionere ndi wake.

"Ine ndikhale maola awiri kuonerera mzungu akulephera kufunsira?" anatero Wamagetsi. "Duwa langa, ndikhululukire. Chathuchi chimaposa cha pakanema."

Dona anakhumudwa, koma osati nthawi yaitali. M'mawa wina anaona kuti wotchi yapakhoma ikusiyana ndi ya pafoni.

"Wotchiyi yatsalira ndi mphindi zisanu."

"Ndaibweza dala. Ndikufuna ndizikubera mphindi zisanu tsiku lililonse. Pofika chaka chamawa zidzakhala zitakwana tsiku lathunthu, ndipo tsiku limenelo ndi la ukwati wathu."

Ndani sakanasungunuka? Masana aliwonse foni inkalira: "Mphindi zisanu za lero ndalandira, duwa langa. Zatsala pang'ono." Dona ankawerenga uthengawo katatu, n'kuiwala kung'amba tikiti ya munthu.

Sabata yachitatu ya filimuyo, mayi wa mu ofesi anapita kutchuthi chokachira, ndipo bwana anauza Dona kuti agwirizire mpandowo. Dona sanamuuze Wamagetsi. Ankadikira kuti amukhazikitse kaye, adzamudzidzimutse.

Ntchito yake inali ya makadi. Aliyense wotuluka mu holo ankapatsidwa khadi loti alembepo maganizo ake ndi nambala ya foni, ndipo Lachisanu lililonse ankasankhapo mmodzi wopata matikiti aulere. Kampaniyo inali ndi holo inanso kutsidya kwa tauni, koma ofesi inali imodzi. Makadi a mbali zonse ankathera pa desiki la Dona.

Lachisanu limenelo Anti a matikiti, mayi wachikulire wogulitsa pawindo, anabwera ndi kapu yawo ya tiyi kudzathandiza kuwerenga.

"Tamvera uyu," anatero Anti. "'Filimu yabwino koma mvula yanyanya. Anthu amenewa zovala amayanika liti?'"

Dona anatola lina. "'Maola awiri kuti angogwirana dzanja? Amuna anga anagona mpaka kuliza mkonono.'"

"'Ndalira. Musauze anzanga.' Ameneyu ndi bambo, taona malembedwe akewo."

"'Wokonza mawotchiyo akanakhala mchimwene wanga ndikanamufunsirira ndine.'"

Anaseka mpaka tiyi kutayikira pa desiki. Dona anapisanso dzanja m'bokosi la kutsidya, ndipo chala chake chinagunda kanthu kosongoka. Anakatulutsa.

Kabwato.

"Ena amasewera ndi makadi athu," anatero Anti.

Dona anakafunyulula pang'onopang'ono. Malembedwe a pamwamba ankawadziwa ngati ake omwe: "Filimu yapamwamba. Aka n'kachitatu kuionera." Pansi pake panali dzanja lina, zilembo zozungulira bwino: "Pa wotchi paja ndinalira. Wanganso wandibwezera yanga m'mbuyo ndi mphindi zisanu. Tikwatirana chaka chamawa." Kenako nambala ya foni.

"Anti, mu filimumu muli za wotchi?"

"Iwe sunaionerebe? Ndiye pokoma penipeni. Amabweza wotchi ya padepoti kuti mkazi wa basiyo azichedwa kunyamuka. Amati akumubera mphindi zisanu." Anti anamuyang'anitsitsa. "Mwana wanga, watani?"

Dona anakoka foni ya mu ofesi n'kuimba nambala ija.

"Halo. Ndikuimba kuchokera ku holo ya mafilimu. Khadi lanu taliwerenga."

"Ndapata matikiti?" Mawu ake anali a mtsikana wansangala, kumbuyo kukumveka makina oumitsira tsitsi.

"Tikufunsani kaye. Abambo amene munabwera nawo amagwira ntchito yanji?"

"Zamagetsi. Tinadziwana atabwera kudzakonza pa saluni pathu pano."

"Anakupatsani kabwato?"

Makina aja anazima.

"Mwadziwa bwanji?"

"Ine ndili nato makumi awiri pawindo, m'chipinda chomwe amagonamo. Wotchi yanganso ndi yotsalira. Matikiti simunapate, mchemwali, koma musati sindinakuuzeni."

Dona anaika foni pansi. M'makutu mwake munkatentha ngati mwathiridwa tsabola. Anti anang'amba tikiti ya thu koloko n'kumuikira m'manja.

"Pita ukaione. Bwana akafunsa ndinena kuti mutu."

Dona anakhala pa mpando wakumbuyo yekha. Anthu ankaseka, iye ayi. Wokonza mawotchi uja atakwera pa mpando kubweza muvi, mayi wina pafupi naye anafwenthera m'kansalu. Dona anamva mawu onse, amodziamodzi, omwe iye ankayesa kuti anabadwira m'chipinda chawo. Ngakhale bodza lenilenilo silinali lake? Lochita kukopera?

Wamagetsi anafika kunyumba cha m'ma faifi, chikwama cha zida chili paphewa. Anapeza chikwama china chili pabedi, chotsegula, Dona akupinda madiresi.

"Duwa langa, ulendo wa kuti?"

Dona anaika khadi lija patebulo. Mizere ya mopinda inkaonekabe.

Wamagetsi analiyang'ana. "Wachitenga kuti chimenechi?"

"Funso lanu loyamba ndi limenelo? Makadi a kutsidya amabwera ku ofesi kwathu. Mu ofesimo muli ine. Munayenda mtunda wonse uja kundithawa, n'kudzaponya kabwato m'manja mwanga."

"Ndinapita ndi mlongo wanga."

"Mlongo wanu mukumukwatira chaka chamawa?"

"Tamvera kaye. Ndinkafuna ndiione ndekha ngati ili yabwino, ndisanakutengere iweyo."

"Katatu? Mumaphunzira mochedwa."

"Mtsikana uja amangonditsatira. Palibe chilichonse. Iwe ndiwe mtima wanga, ukudziwa."

"Mawu amenewo ndi a mu filimu iti? Ndiuzeni ndikagule tikiti."

"Dona, usatero."

"Ndichite bwanji? Milungu itatu ndaima pakhomo paja nditafulatira chitseko, anthu akuseka mkati, ine ndikusungira inu maso anga. Inu muli kutsidya, pakamwa yasa, kuloweza. Mzungu munkamunyoza uja anabweza wotchi imodzi, ya mkazi mmodzi. Anachedwa kulankhula chifukwa ankaopa kunama. Inu mwayenda tauni yonse kubweza mawotchi a anthu. Ndi angati akuchedwa kuntchito chifukwa cha inu?"

Foni ya Wamagetsi inayamba kulira m'thumba. Sanaitulutse.

"Yankhani. Ndi wa ku saluni. Ali ndi mafunso."

"Wamuimbira?" Nkhope yake inasintha. "Unalibe ufulu umenewo."

"Ndi ntchito yanga kuimbira olemba makadi."

Wamagetsi anakhala pabedi, mawu n'kufewa. "Chabwino, ndalakwa. Ndimusiya lero lomwe. Ukwati tiuchite mwezi wamawa, osadikira chaka. Ndikulonjeza, duwa langa."

Dona anamuyang'ana. Nkhope yomweyo, mawu okoma omwewo. Mumtima munamupweteka, ndipo kupwetekako kunangowonjezera ukali. Anatseka zipi ya chikwama. Timabwato ta pawindo sanatikhudze.

Anakoka mpando, n'kukwerapo, n'kutsegula galasi la wotchi yapakhoma. Anakankha muvi ndi chala mpaka unafanana ndi nthawi ya pafoni.

"Mphindi zanga ndatenga. Basi ya kwa achemwali imanyamuka sikisi koloko, ndipo lero sindichedwa."

Anatulutsa khadi lina m'thumba la yunifolomu n'kumupatsa. "Nanenso ndaonera, ndiye ndalemba maganizo anga."

Wamagetsi anawerenga: "Filimu yabwino. Wokopera wake ndiye wachabechabe."

Maso ake anali pansi. Koma zala zake zinali zitayamba kale, kona imodzi, kona yachiwiri.

Dona anakoleka chikwama paphewa.

"Malizani kupinda," anatero ali pakhomo. "Mukwere nokha."